Mtima wa Farao anauumitsa ndani?

Achemwali, mwafunsa kuti ngati Mulungu amadziwiratu zonse, komanso ndiye anaumitsa mtima wa Farao, nanga Faraoyo analangidwiranji? Musachite nalo manyazi funsoli. Linawasowetsa tulo aphunzitsi akuluakulu a Chiyuda kwa zaka mazanamazana.

Mmodzi wa iwo, Saadia Gaon, amene anamwalira mu 942, ankati kudziwa si kuchititsa: Mulungu amadziwa chimene munthu adzasankhe, koma wosankhayo ndi munthu yemweyo. Ineyo yankho limeneli silindifika pamtima, chifukwa lemba silikunena za kudziwa kokha, likuti anaumitsa.

Amene anailowa nkhaniyi mozama ndi Maimonides, wobadwira ku Córdoba m'dziko la Spain, sing'anga amene anamwalira ku Egypt mu 1204. M'buku lake la Mishneh Torah, pa malamulo a kulapa, iye anati munthu aliyense angathe kukhala wolungama ngati Mose kapena woipa ngati Yerobowamu, popanda womukoka dzanja. Za Farao anati nkhanza zozunza Aisraeli anaziyamba yekha, mwa kufuna kwake, ndipo zitachuluka chilango chake chinali kumutsekera khomo la kulapa. Tatsegulani Eksodo muwerenge mofatsa. Pa miliri isanu yoyamba, mtima wa Farao ukungouma, penanso akuumitsa yekha. Mawu akuti Yehova anaumitsa mtima wake akutulukira pa mliri wachisanu ndi chimodzi, wa zithupsa, pa 9:12. Apa ine ndimagwirizana ndi Maimonides kwathunthu, poti tonse tinaonapo munthu amene anazolowera choipa mpaka kubwerera kunamukanika.

Koma pa za kudziwiratu, Maimonides anangoti kudziwa kwa Mulungu sikufanana ndi kwathu, nzeru zathu sizingafikeko. Rabi Abraham ben David wa ku Posquières m'dziko la France anamudzudzula kuti akanangoisiya nkhaniyo kusiyana n'kuutsa funso lomwe sakanatha kuliyankha. Mphunzitsi wina, Gersonides, amene anamwalira mu 1344, analimba mtima n'kunena kuti Mulungu amadziwa njira zonse zimene munthu angatenge, koma sadziwiratu kuti atenga iti. Ambiri anamukana chifukwa cha zimenezi.

Amene amandikhudza kwambiri ndi Hasdai Crescas, mphunzitsi wa Chiyuda wa ku Zaragoza m'dziko la Spain. Mu 1391 Ayuda anaphedwa mwaunyinji m'mizinda ya ku Spain, ndipo mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo anaphedwa ku Barcelona. Bambo ameneyu ndiye anadzalemba, m'buku lomwe anamaliza mu 1410, kuti zochita zathu zonse zili ndi zozichititsa zomwe gwero lake ndi Mulungu. Anati mphotho ndi chilango zimatsata mtima umene munthu wachitira chinthucho, kaya wachita mokondwa kapena mokakamizika. Sindigwirizana naye pa zonse, achemwali, koma ndikakumbukira maliro amene anali nawo polemba mawu amenewo, ndimalephera kumutsutsa mopepuka.