Ku Lesotho tsiku limodzi kuchokera kuno ku Joni: zitheka, koma yambani mwaona mapasipoti

Achemwali, mwafunsa ngati gulu lanu la chipereganyu, anthu 12, lingathe kunyamuka kuno ku Johannesburg Loweruka m'mawa, kukaona Lesotho ndi wotsogolera alendo, n'kubwerako tsiku lomwelo. Mwafunsanso za Sani Pass imene mwaiona akuitsatsa pa Facebook. Ku Lesotho n'kotheka ndithu. Ku Sani Pass tsiku limodzi ayi, ndifotokoza chifukwa chake. Koma musanatolere ngakhale randi imodzi, khalani pansi nonse, aliyense atsegule pasipoti yake, chifukwa maulendo amenewa amathera pawindo la imigireshoni.

Lesotho ndi dziko loima palokha ngakhale lazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse. Aliyense adzadinditsa kanayi: potuluka South Africa, polowa Lesotho, potuluka Lesotho, ndi polowanso South Africa. Choncho pasipoti ikhale ndi masamba opanda kanthu. Mbali ya Lesotho siivuta, wa pasipoti ya Malawi safunika viza akamapita kokacheza. Povuta ndi pawindo loyamba ndi lomaliza, ndipo mawindo awiriwa ndi a South Africa. Mmalawi wolowa ngati mlendo amapatsidwa masiku osaposa 30. Amene masiku ake anatha akangopereka pasipoti potuluka, zimaoneka pompo, ndipo malinga ndi malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014 amalembedwa kuti ndi munthu wosafunikanso m'dziko muno. Ngati anapyola ndi masiku osaposa 30, chiletso chake ndi chaka chimodzi. Ngati anapyola ndi masiku oposa 30, ndi zaka zisanu. Chopweteka n'chakuti amamulola kutuluka, kenako madzulo anzake akubwerera iye n'kutsala tsidya lija, ntchito ndi katundu zili ku Rosettenville. Kuti achoke ku Lesotho kupita ku Malawi palibe njira ina, pamsewu kapena pandege, yosadutsa m'dziko lomwe lamuletsalo.

Amene ali ndi pepala la asayilamu asapite n'komwe. Pepalalo si chiphaso choyendera, ndipo limatha mphamvu mwini wake akatuluka m'dziko popanda chilolezo cha boma. Amene ali ndi pemiti ya ntchito, ya sukulu kapena ya banja aone tsiku lothera, ndipo ngati pemitiyo ili mu pasipoti yakale anyamule mapasipoti onse awiri. Palinso ena amene amakwera nawo maulendo otere poganiza kuti pobwerera alandira masiku 30 atsopano. Ofesala sakakamizika kutero. Munthu wongotulukira m'dziko loyandikana n'kubwerera tsiku lomwelo angathe kupatsidwa masiku amene anatsala okha, kapena ochepa chabe. Ana nawo aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ngakhale wakhanda. Nyamulani satifiketi yobadwira yosonyeza maina a makolo, ndipo ngati mwana akupita ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali ake, pakhale kalata yovomereza yodindidwa kupolisi ndi fotokope ya chiphaso cha kholo lotsalalo. Wotsogolera alendo aliyense wonena kuti za mapepala musadandaule, ali ndi anthu ake paboda, mutalikireni. Chidindo chogula chimadzaululika tsiku limene mukufuna kupita kumudzi kumaliro.

Tsopano za Sani Pass. Msewu umenewu uli ku KwaZulu-Natal, umayambira kufupi ndi Underberg ndi Himeville, ndipo kuchoka kuno kukafika ku Underberg ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Zotsatsa zija zikati ulendo wa tsiku limodzi, zimawerengera munthu wogona ku Underberg kapena wochokera ku Durban. Chipata chake chimatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 6 koloko madzulo, ndipo chigawo chakumtunda ndi chamiyala, chokhotakhota, chofuna galimoto ya 4x4. Minibasi yanu ya Quantum idzatsala m'munsi, inu n'kulipira magalimoto a kumeneko. Pamwamba pake, pamtunda wa mamita oposa 2,800, m'pokongola zedi, koma ikani masiku atatu: Lachisanu kupita, Loweruka kukwera, Lamlungu kubwerera.

Wa tsiku limodzi weniweni uli kumpoto, kudzera pachipata cha Caledonspoort. Mutenga N3 kudutsa Heidelberg ndi Villiers, pomwe pali matologeti awiri, De Hoek ndi Wilge. Pa Warden mukhota kulowera ku Bethlehem, kenako R26 mpaka Fouriesburg, ndipo chipata chili makilomita ngati 10 kuchoka pamenepo. Mukanyamuka 4 koloko m'bandakucha, n'kupumulako kamodzi ku Bethlehem, mufika pachipata cha m'ma 8 koloko. Chimatsegulidwa 6 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, ndipo nthawi zambiri mzere wake ndi waufupi kusiyana ndi wa pa Maseru Bridge. Mukawoloka mtsinje wa Caledon, umene eni ake amati Mohokare, tauni yoyamba ndi Butha-Buthe. Thirani mafuta pomwepo, chifukwa m'mapiri malo omwetsera ndi otalikirana ndipo si nthawi zonse amakhala nawo.

Kuchoka apo msewu wa A1 umakwera. Poyamba mungaime pa Liphofung, phanga lalikulu lokhala ndi zojambula zakale za anthu a mtundu wa San, pomwe otsogolera alendo a pamalopo amafotokozanso mbiri ya mfumu Moshoeshoe woyamba. Ola limodzi likwana. Kenako pali chitunda cha Moteng, chokhota ngati njoka, mudutse Oxbow, mukafike ku Afriski cha m'ma 11 koloko. Kumeneko msewu weniweniwo umapitirira mamita 3,000, kutanthauza kuti mwakhala pampando wa minibasi koma muli pamwamba kuposa munthu woima pa Sapitwa paphiri la Mulanje, amene ndi mamita 3,002. Kuyambira June mpaka August kumakhala chipale chofewa, china chogwa chokha, china chopangidwa ndi makina, ndipo anthu amachita masewera otsetsereka. Miyezi ina kumangokhala udzu, mphepo, nkhosa ndi abusa ofunda mabulangete. Nyamukaniko isanakwane 3 koloko masana kuti mutsike Moteng kukuwala. Mudzafika ku Joni cha m'ma 9 kapena 10 koloko usiku. Ndi tsiku lalitali, maola oposa khumi muli m'galimoto, ndiye dalaivala mmodzi yekha sakwanira.

Ngati gulu lanu lili ndi achikulire, kapena limakonda mbiri kuposa mapiri, njira ina ndi ya Maseru. Ndi maola ngati asanu kudzera ku Ladybrand, ndipo chipata cha Maseru Bridge sichitsekedwa usana ndi usiku, chimodzimodzi cha Ficksburg. Kuchoka mu Maseru kukafika ku Thaba Bosiu ndi makilomita ngati 24. Limeneli ndi phiri lathyathyathya pamwamba pomwe Moshoeshoe anasamukira mu 1824 atachoka ku Butha-Buthe, ndipo adani amene analiukira, kuphatikizapo Mabunu a ku Free State, analephera kulilanda. Dzina lake limatanthauza phiri la usiku, poti ankati kukada limakula. Manda ake ali pamwamba pomwepo, anamwalira mu 1870. Apa m'pomwe ndalama ya wotsogolera alendo imaoneka phindu lake, chifukwa popanda wofotokoza mudzangoona miyala ndi mabwinja. Mukaima pamwamba mudzaonanso kaphiri kosongoka kotchedwa Qiloane, komwe amati chipewa chawo chaudzu chija, mokorotlo, chinatengera maonekedwe. Kukwera kumatenga pafupifupi theka la ola kapena kuposerapo, panjira yamiyala, ndiye nsapato zagogoda zisiyeni kunyumba. Choipa cha njira imeneyi ndi mzere. Kumapeto a mwezi, pa Isitala ndi mu December, Abasotho ogwira ntchito kuno amakhala akupita kwawo, ndipo maola awiri angathere pamlatho.

Malo awiri amene otsatsa amakonda kuika pazithunzi safuna kuthamangira. Damu la Katse, lomwe khoma lake ndi lotalika mamita 185 kupita m'mwamba, lili maola ngati atatu kuchoka ku Hlotse, kudutsa chitunda cha Mafika Lisiu cha mamita 3,090. Kuti mulione bwino gonani ku Clarens, Fouriesburg kapena Ficksburg, ndipo funsiranitu nthawi imene amalowetsa alendo kukaona khoma la damulo, poti sachita ola lililonse. Kwa ife okhala ku Gauteng malowa ali ndi nkhani yake. Pangano la mayiko awiriwa la mu 1986 ndi limene linabweretsa damuli, ndipo madzi ake amadutsa m'ngalande za pansi pa mapiri, n'kutulukira mumtsinje wa Ash kufupi ndi Clarens, n'kukathera mu Vaal Dam. Ena mwa madzi amene mwaphikira nsima lero achokera kumeneko. Malo enawo ndi mathithi a Maletsunyane ku Semonkong, otalika mamita 192, makilomita oposa 100 kuchoka ku Maseru. Nakonso n'kogona. Pulogalamu yolonjeza Maseru, Katse ndi Semonkong tsiku limodzi inalembedwa ndi munthu amene sanayendepo misewuyo.

Posankha wokutengani, mufunseni zinthu zimene angathe kukuonetsani ndi maso. Wotsogolera alendo wolembetsedwa kuno amakhala ndi khadi ndi baji yochokera kuboma la chigawo chake. Dalaivala wonyamula anthu olipira akhale ndi PrDP (chilolezo cha madalaivala onyamula anthu) yomwe sinathe masiku, ndipo galimoto yonyamula anthu mwamalonda kuwoloka malire imafuna chilolezo cha C-BRTA, bungwe la boma loyang'anira magalimoto owoloka malire. Ngati palibe, galimoto ingathe kutsekeredwa inu muli momwemo. Alembe pa WhatsApp dzina la chipata chimene mudzadutse, nthawi yonyamuka, malo oima, ndi zimene zili mu mtengowo: matologeti, msonkho wa msewu umene galimoto iliyonse imalipira polowa Lesotho, zolowera pamalo, ndi nkhomaliro. Zimene sizinalembedwe mudzasonkha panjira, ndipo mikangano ya m'magulu imayambira pamenepo. Mufunsenso kuti ndalama zibwezedwa bwanji msewu ukatsekedwa ndi chipale, kapena mmodzi akabwezedwa paboda. Dipoziti perekani kuakaunti ya kampani n'kulandira lisiti. Anthu 12 ndi zikwama amakwana bwino mu Quantum imodzi, ndipo kulipira galimoto yonse nthawi zambiri kumatsika mtengo kusiyana ndi kugula mpando umodziumodzi.

Mukasankha kupita ndi magalimoto anu n'kukapeza wotsogolera komweko, nyamulani mapepala a galimoto. Ngati ili pangongole pakhale kalata ya banki, ngati ndi ya hayala kalata ya kampani yololeza kuwoloka malire, ngati ndi yobwereka kalata ya mwini wake yodindidwa. Kumbuyo mumate chizindikiro cha ZA. Funsaninso a inshuwalansi ngati amafika ku Lesotho. Chimene chimavulaza anthu ambiri m'mapiri amenewa ndi mabuleki. Dalaivala wozolowera msewu wa M1 wa kuno ku Joni amatsika Moteng phazi lili pabuleki, mabuleki amatentha, mumayamba kumva fungo lopsa, kenako amaponda koma osagwira. Potsika ikani giya yachiwiri, penapake yoyamba, injini ndiyo igwire galimoto. Mukamva fungolo imani pamalo otakasuka mudikire azizire, osawathira madzi. Pokwera galimoto imachepa mphamvu chifukwa mpweya ndi wopepuka, ndiye zimitsani eyakoni ndipo muziyang'ana geji ya kutentha. M'midzi chepetsani liwiro, apolisi amaima pafupipafupi, ndipo nkhosa, abulu ndi mahatchi zimayenda mumsewu momwemo. Ndicho chifukwa chake usiku si woyenda kumeneko.

Kuzizira kwake musakuyerekeze ndi kwa ku Dedza kapena kwa June wa kuno. Malo otsikitsitsa m'dziko lonselo ali pamtunda wa mamita 1,400, ndipo kumapiri madzi amaundana. Valani zovala zingapo zosanjikiza, chipewa, magolovesi ndi sokosi zokhuthala, ngakhale mu December tengani jekete, poti mvula yamabingu imabwera masana mwadzidzidzi. Ena amamva mutu ndi befu pamwamba paja. Amwe madzi, ayende pang'onopang'ono, ndipo wa BP, mphumu kapena woyembekezera ayambe wafunsa adokotala. Udzudzu wa malungo kulibe.

Ndalama musasinthe. Randi imagwira ntchito paliponse, ndipo ndi yofanana mphamvu ndi ndalama yawo, loti. Koma chenji adzakupatsani cha maloti, omwe kuno m'mashopu salandira, ndiye agwiritseni ntchito musanawoloke. Tengani ndalama zing'onozing'ono zapamanja, chifukwa kumapiri makina a khadi amadalira netiweki yomwe imasowa. Layini yanu ya kuno ikangowoloka imayamba kudya eyataimu ngati ya kunja, ndipo bandulo wamba sagwira. Zimitsani data, mapu muwasungiretu mufoni muli kuno, ndipo gulu lonse ligwirizane malo ndi nthawi yokumana pakamwa. Moni wawo amalemba Lumela koma amatchula Dumela, bambo ndi Ntate, mayi ndi 'M'e. Musajambule mbusa kapena nyumba ya munthu musanapemphe. Chakudya simudzachidabwa, papa ndi nsima yomweyi, moroho ndi ndiwo zamasamba. Bulangete lawo lenileni ndi lolemera komanso lodula, lopepuka lotchipa lija ndi longofanizira.

Pobwerera, munthu asakupatsireni kaphukusi koti mukapereke kwa m'bale wake ku Joni, chamba chimadutsa njira imeneyi ndipo wogwidwa ndi amene wachinyamula. Nyama yaiwisi ndi mbewu zisiyeni komweko. Ndipo minibasi isananyamuke pachipata, mmodzi wa inu atolere mapasipoti onse 12 n'kuona tsamba ndi tsamba kuti chidindo cholowera South Africa chilipo, ndiponso tsiku limene ofesala walemba ndi liti. Ngati pena palakwika, bwererani pawindo nthawi yomweyo ofesala amene wadindayo asanaweruke.