Ronaldo "weniweni" amene bambo anu amamunena uja

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa zaka 19. Akuti kunyumba kwawo mkangano suzima. Iye akati Cristiano Ronaldo ndiye katswiri woposa onse, bambo ake amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Iwe, Ronaldo weniweni sunamuone." Funso lake linali lakuti: kodi Ronaldo wa ku Brazil ameneyu anachita chiyani kwenikweni, popeza zigoli zake n'zochepa poyerekeza ndi za Cristiano, ndiponso chikho cha Champions League sanachigwirepo?

Achimwene, pa zigoli mwanena zoona. Cristiano wadutsa zigoli 900, ali ndi Ballon d'Or zisanu, ndipo Champions League waitenga kasanu. Ronaldo Luís Nazário de Lima ali ndi Ballon d'Or ziwiri zokha, ya 1997 ndi ya 2002. Mukamakangana ndi manambala, mudzapambana tsiku lililonse. Koma bambo anu sakunena za manambala, ndipo ine ndili kumbali yawo.

Ronaldo wa ku Brazil anabadwa mu 1976 ku Rio de Janeiro, n'kukulira m'dera la anthu wamba la Bento Ribeiro. Anayambira mpira wa m'holo, uja wa anthu asanu mbali iliyonse, umene umaphunzitsa mwana kusunga mpira kuphazi pamalo opanikizika. Ali ndi zaka 16 anali kale m'timu yaikulu ya Cruzeiro, ndipo mu 1993 anamwetsa zigoli zisanu m'masewero amodzi polimbana ndi Bahia. Mu 1994 anapita ku World Cup ya ku America ali ndi zaka 17. Sanalowe m'bwalo ngakhale mphindi imodzi, koma anabwerako ndi mendulo. Chaka chomwecho anasamukira ku PSV Eindhoven, kumene anamwetsa zigoli 30 mu ligi m'chaka chake choyamba.

Kenako kunabwera Barcelona. Anakhalako nyengo imodzi yokha, ya 1996/97, pansi pa mphunzitsi Bobby Robson, ndipo anamwetsa zigoli 47 m'masewero 49. Ngati muli ndi bando, sakani pa YouTube chigoli chimene anagoletsa Compostela mu Okutobala 1996. Akulanda mpira chapakati pa bwalo, wina akumukoka jezi, iye osagwa, akupitirira, akudutsa pakati pa anthu ngati ayimitsidwa dala, mpaka mpira muukonde. Robson akugwira mutu ndi manja onse awiri. Osewera aliwiro analipo, amphamvu analipo, anjomba analiponso. Chimene anthu anali asanachione n'chakuti zonse zitatu zikhale mwa munthu mmodzi, n'kumazichita pa nthawi imodzi, mpira uli kuphazi, akuthamanga liwiro la mtondo wadooka. FIFA inamusankha kukhala wosewera wopambana padziko lonse mu 1996 ali ndi zaka 20 zokha, n'kumusankhanso mu 1997 atapita ku Inter Milan.

Tsono apa m'pamene nkhani yake imasiyana ndi ya Cristiano.

Pa 12 Julaye 1998, maola ochepa fainolo ya World Cup isanayambe ku Stade de France, Ronaldo anadwala mwadzidzidzi kuhotela, thupi lonse likuphupha ngati munthu wogwa khunyu. Anathamangira naye kuchipatala. Pa mndandanda woyamba wa osewera dzina lake panalibe, m'malo mwake analemba Edmundo. Patapita kanthawi dzinalo linabwerera. Analowa m'bwalo, koma aliyense anaona kuti si iye. France inapambana 3-0, Zidane atamwetsa ziwiri ndi mutu.

Chaka chotsatira, mu Novembala 1999, bondo lakumanja linavulala pamasewero ndi Lecce. Anamuchita opaleshoni, anakhala miyezi pafupifupi isanu, ndipo pa 12 Epulo 2000 anabwerera pa fainolo ya Coppa Italia ndi Lazio. Sanathe ngakhale mphindi khumi. Akuyesa njomba yake ija yozunguliza mwendo pamwamba pa mpira, popanda womugunda, mtsempha wogwira chivundikiro cha bondo unaduka. Anagwa akukuwa, atagwira bondo, ndipo ngakhale osewera a Lazio anagwira pamutu. Ine mpaka lero kanema ameneyo sinditha kumuonera mpaka kumapeto. Anali ndi zaka 23 zokha, msinkhu umene osewera ambiri amakhala akungoyamba kudziwika. Nyengo yonse yotsatira sanasewere, ndipo ambiri anali atamuika kale m'gulu la amene anatha.

N'chifukwa chake World Cup ya 2002 ku Japan ndi South Korea imatikhudza ife amene tinaiona. Mphunzitsi wa Brazil, Luiz Felipe Scolari, anamutenga ngakhale anali atasewera masewero owerengeka chabe. Liwiro loopsa lija linali litachepa, ndiye anasintha kaseweredwe. Anayamba kudikirira pafupi ndi golo, kuwerenga kumene mpira ugwere, n'kusiyira Rivaldo ndi Ronaldinho ntchito yambiri yothamanga. Anamwetsa zigoli 8. Fainolo ndi Germany inali ku Yokohama pa 30 Juni, tsiku Lamulungu, ndipo kuno kwathu inayamba masana anthu atangoweruka kutchalitchi. Tinadzazana m'chipinda cha vidiyo mpaka ena anaimirira pakhomo. Oliver Kahn, goloboyi amene mpikisano wonse anali atalola chigoli chimodzi chokha, analephera kugwira mpira wa Rivaldo, ndipo Ronaldo anali pomwepo. Chachiwiri anachiponya pakona, Rivaldo ataulumpha mpira dala. Atatulutsidwa chakumapeto, anakhala pa benchi n'kumalira. Ndikhulupirira kuti bambo anu akamati "weniweni", chithunzi chimene chili m'mutu mwawo n'chimenecho, pamodzi ndi kametedwe kaja kosiya katsitsi pamphumi kamene ana ambiri anakatengera chaka chimenecho.

Zotsatira ndizidula mwachidule. Anapita ku Real Madrid, ndipo mu Epulo 2003 anamwetsa zitatu ku Old Trafford, mpaka ochemerera Manchester United anaimirira n'kumuombera m'manja potuluka. Mu 2006 anagoletsa Ghana chigoli chake cha nambala 15 cha World Cup, kuposa Gerd Müller, ndipo mbiri imeneyi inakhala mpaka Miroslav Klose ataiphwanya mu 2014. Ku AC Milan mu 2008 bondo lamanzere linachita zomwe linachita lakumanja. Anabwereranso kachitatu, ku Corinthians kwawo ku Brazil, n'kusiya mpira mu Febuluwale 2011. Timu ya dziko lake anaimwetsera zigoli 62 m'masewero 98.

Sindikufuna kumuyeretsa. Ankakonda maphwando, ndipo sankasamala thupi monga mmene Cristiano amachitira. Pamenepo Cristiano amamuposa kutali, ndipo musalole wina akuuzeni zosiyana. Koma anthu amene ankamunyoza kuti wanenepa anadzamva tsiku losiya mpira, iye akugwetsa misozi, kuti anali ndi matenda a chithokomiro amene amanenepetsa thupi, ndipo anawapeza ali ku Milan.

Ndiye achimwene, madzulo ano musapite kwa bambo ndi mndandanda wa zigoli. Tsegulani chigoli cha Compostela chija pafoni, muwapatse, ndipo muwafunse kumene anaonera fainolo ya 2002 ndi amene anali nawo. Mukatero mundilemberenso, mundiuze zimene ayankha.