Mwana wodwala akutuluka ndi 0, malikisi ena akusowa: tiyambirenso database?

Funso lafika pa imelo kuchokera kwa aphunzitsi a pa CDSS ina ku Salima. Anapanga database (nkhokwe ya pa kompyuta) ya MySQL ndi tsamba la pa intaneti lopangidwa ndi PHP lolembapo malikisi a mayeso a kumapeto kwa teremu. Mavuto ndi atatu. Mwana amene anadwala osalemba mayeso akutuluka ndi 0. Ku Fomu 1, komwe kuli ana 120, malikisi a ana akumunsi kwa kaundula akusowa akadina batani losunga. Ndiponso tsamba likumakana akalemba dzina ngati Ng'oma. Akufunsa ngati ayambirenso zonse.

Aphunzitsi, musataye zonse, koma tebulo la malikisi liphwasuleni. Mwati mwana aliyense ali ndi mzere umodzi, phunziro lililonse danga lake, ngati mu Excel. Apo ndiye pagona nkhani. Ku Fomu 3 ana satenga maphunziro ofanana: wina ali ku Physics, mnzake ku History. Madanga ambiri akhala opanda kanthu, ndipo kompyuta siingadziwe ngati mwanayo satenga phunzirolo kapena mphunzitsi sanalembe malikisi ake.

Pangani matebulo asanu: ophunzira, maphunziro, mayeso, olembetsa ndi malikisi. Mu olembetsa muzilemba kuti mwana uyu, chaka chino, ali kalasi iyi ndipo akutenga phunziro ili. Kalasi isakhale mu tebulo la ophunzira, chifukwa mwana akakwera kupita Fomu 2 malipoti ake a chaka chatha asokonekera. Mu malikisi mzere umodzi uzisunga malikisi a mwana mmodzi pa phunziro limodzi pa mayeso amodzi: wophunzira_id, phunziro_id, mayeso_id, malikisi. Mwana azidziwika ndi nambala, osati dzina, popeza a Banda ndi a Phiri ofanana mayina onse awiri sasowa m'kalasi yaikulu chotere.

Pa madanga atatu a id aja ikani UNIQUE imodzi yowaphatikiza onse, lamulo loletsa mzere wofanana kulowa kawiri. Netiweki ikamakoka, mphunzitsi amadina batani kawiri kapena katatu, ndipo malikisi amalowa mobwereza. Mukaika UNIQUE n'kumasunga ndi INSERT ... ON DUPLICATE KEY UPDATE, kudina kwachiwiri kumangolemba pamwamba pa koyamba.

Nkhani ya 0 ndi imene ikundikhudza kwambiri, chifukwa imalakwira mwana amene sanalakwe. Bokosi likasiyidwa lopanda kanthu, PHP imalandira mawu opanda chilembo, ndipo mukawasandutsa nambala ndi (int) amakhala 0. Yambani mwafunsa: ngati $m === '' (bokosi la malikisi lilibe kanthu) sungani NULL, chizindikiro choti palibe nambala. AVG(), yowerengera avareji, imadumpha NULL koma 0 imamuwerengera. Mwana amene wapeza 60 ndi 70, mayeso achitatu ali gone ndi malungo, avareji yake ndi 65 mukasunga NULL, koma 43.3 mukasunga 0. Makolo akaona 43 pa lipoti sadzafunsa za database, adzafunsa mwanayo. Onjezani danga lolembapo chifukwa, kaya anadwala kaya anajomba. Ngati sukulu imapereka 0 kwa wojomba dala, ahedi ndi aphunzitsi agwirizane, ndipo 0 ameneyo alembedwe ndi munthu.

Malikisi osowa aja akudulidwa ndi PHP. Ili ndi malire a mabokosi amene imalandira kuchokera pa fomu imodzi, otchedwa max_input_vars, ndipo mukapanda kusintha amakhala 1000. Ana 120 kuchulukitsa ndi maphunziro 9 ndi mabokosi 1080, kotero mabokosi 80 omaliza, a ana pafupifupi asanu ndi anayi, amatayika mphunzitsi osaona chenjezo lililonse. Mutha kukweza nambalayo mu php.ini, fayilo ya makonzedwe a PHP, koma ndi bwino kuchepetsa fomuyo. Mphunzitsi asankhe kalasi, phunziro ndi mayeso, kenako aone ana 30 pa tsamba limodzi, lililonse ndi batani lake losunga. Magetsi akathima, zotayika ndi za tsamba limodzi basi. Bokosi likhale type="number" min="0" max="100" kuti pa foni patuluke manambala, koma malirewo muwaonenso mu PHP, chifukwa zoletsa za pa tsamba munthu atha kuzilambalala.

Dzina la Ng'oma likukana chifukwa mukulumikiza dzinalo mwachindunji mu query, lamulo lopita ku database, ndiye kachizindikiro ka pakati pa g ndi o kakutseka mawu msanga. Khomo lomwelo ndi limene mwana wochenjera angalowere n'kusintha malikisi ake. Gwiritsani ntchito prepare() ya PDO, chida cha PHP cholankhulira ndi database, dzina lizipita palokha kudzera mu execute(). Database ndi kulumikiza kwake zikhale utf8mb4 kuti chilembo ŵ chisasanduke chizindikiro cha funso.

Simunafunse za kuika ana pa nambala, koma mufikako. Lembani RANK() OVER (PARTITION BY kalasi ORDER BY avareji DESC). Ana awiri akalingana pa nambala 2, wotsatira amakhala 4, pamene DENSE_RANK() imamuika pa 3. Zimagwira pa MySQL 8.0 ndi MariaDB 10.2 kupita m'mwamba. Sanjani ndi avareji, chifukwa pa totala wa maphunziro 9 atha kupitirira wa 8 ngakhale sanakhoze bwino. Magiredi a 1 mpaka 9 onga a MSCE musawasunge pamodzi ndi malikisi. Malire ake akhale mu tebulo lawolawo, query iziwerengera yokha.

Musanasindikize malipoti, fufuzani ana amene malikisi awo sanalembedwe: yambani pa olembetsa, chitani LEFT JOIN ku malikisi, ndipo mayeso_id muiike mu ON, osati mu WHERE. Mukaiika mu WHERE, ana amene mukuwafunawo ndi amene amachotsedwa. Malizani ndi WHERE malikisi.wophunzira_id IS NULL. Mayina amene atuluke ndi a ana amene malikisi awo sanalembedwe n'komwe, ndipo mndandandawo muupereke kwa mphunzitsi wa phunzirolo tsiku lomwelo.