Bromocriptine ndi mkaka wotuluka popanda kuyamwitsa

Funso: Adokotala, ndine mayi wa ku Kapata mu Chipata. Mawere anga akutulutsa mkaka ngakhale sindikuyamwitsa, ndipo msambo unasiya. Kuchipatala anandipatsa bromocriptine. Kodi amagwira ntchito bwanji?

Yankho: Mayi, mankhwalawa amachokera ku ergot, nkhungu yomera pa ngala za mbewu ya rye. Amatsanzira dopamine, mankhwala achilengedwe opangidwa mu ubongo, ndipo akafika pa pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo, amachepetsa prolactin, homoni yoyambitsa mkaka, kotero kuti mkaka umauma ndipo msambo umabwerera. Nthawi zambiri munthu amayamba ndi theka la piritsi la 2.5 mg, usiku atadya, chifukwa amachititsa nseru. Amatsitsanso BP, choncho podzuka pamphasa m'mawa yambani mwakhala tsonga kaye kuti chizungulire chisakugwetseni. Chonde dziwaninso kuti mungathe kutenga pakati msambo usanabwerere. Mukaganiza kuti mwina muli ndi pakati, bwererani kuchipatala msanga.