Bongololo, nankalizi ndi chinkhanira: dzina lililonse ndi mwini wake

Mphunzitsi wa pulayimale ku Ndirande akufunsa: "Ana ena amalemba namkalizi, ena nankalizi. Ndichonge uti?"

Chongani onse awiri. Mawu oyamba ndi na- ambiri ali ndi njira ziwiri zotere: namkungwi ndi nankungwi, namzeze ndi nanzeze. M wa mu namkalizi ndi uja woima payekha wa mu mkango kapena mkaka, ndipo polankhula mofulumira amatsetsereka n'kukhala n. Chofunika kuuza ana n'chakuti akasankha kalembedwe kamodzi, akasunge mpaka kumapeto kwa chimangirizo. Cholakwika ndi "nankhalizi". Mwana amene walemba choncho watengera nkhuku ndi nkhanga, koma h sapezeka m'dzina limeneli.

Wowerenga wina wa ku Chilomoni anamva munthu akuti "bongololo yaikulu" ndipo akufuna kudziwa ngati n'zololeka.

Ayi. Bongololo ndi nankalizi ali m'gulu limodzi ndi galu ndi fisi. Timati bongololo wamkulu, abongololo awiri, nankalizi wathawa, anankalizi ofiira. Chinkhanira chili kwina: chinkhanira chathawa, zinkhanira zitatu. Mukafuna kukuza kapena kuchepetsa, mgwirizano umasintha: chibongololo chachitali, kabongololo kakang'ono.

Mayi wolima dimba m'mbali mwa mtsinje wa Mudi akuti: "Mwana wanga analumidwa ndi bongololo, chala chinada. Anzanga akuti mwina chinali chinkhanira. Kodi si chimodzimodzi?"

Funso ili ndi lofunika kuposa onse, chifukwa dzina lolakwika limasocheretsa wopereka chithandizo. Bongololo saluma. Amadya masamba owola, nthawi zina mbatata, mtedza ndi mbewu zongomera kumene. Thupi lake nthawi zambiri n'lobulungira, amayenda pang'onopang'ono, ndipo pafupifupi mfundo iliyonse ya thupi ili ndi miyendo inayi, iwiri mbali iliyonse. Mukamukhudza amadzipinda n'kutulutsa timadzi tonunkha m'timabowo ta m'mbali. Timadzito ndi timene timadetsa khungu, timanyerenyetsa, ndipo banga limatha lokha pakapita masiku. Choncho nenani kuti "bongololo wamuthira timadzi" kapena "wamudetsa chala". Tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri. Timadzito tikalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi zosachepera 15 ndipo pitani kuchipatala.

Nankalizi ndiye amaluma. N'ngwaphwatalala, waliwiro, ndipo mfundo iliyonse ili ndi miyendo iwiri yokha. Ambiri amaopa kumchira chifukwa miyendo yomaliza n'njaitali ngati mbola, koma ululu uli kumutu. Miyendo iwiri yoyamba inasanduka zibano zokhala ndi poizoni, n'chifukwa chake bala limaoneka timabowo tiwiri toyandikana. Tsukani balalo, ikanipo nsalu yozizira. Ngati ndi mwana wamng'ono, kutupa kukufalikira, kapena munthu akubanika, musachedwe kunyumba. Chinkhanira chili ndi miyendo 8, zopanira ziwiri kutsogolo ndi mbola kumchira. Madera ena amasinthanitsa maina a nankalizi ndi chinkhanira, choncho mukafika kuchipatala musangotchula dzina, onjezerani maonekedwe: "chamiyendo yambiri, chaphwatalala" kapena "chokweza mchira".

Wophunzira wa ku sekondale ku Soche akulemba za tizilombo ta m'madambo. Akufunsa ngati angamasulire maina a Chingerezi a bongololo ndi nankalizi, millipede ndi centipede, kuti "wamiyendo 1,000" ndi "wamiyendo 100", ndiponso momwe angatchulire mitundu yosiyanasiyana.

Musatero. Maina tili nawo kale, komanso ziwerengerozo n'zabodza. Abongololo ambiri sapitirira miyendo 400. Woyamba kupitirira 1,000 analengezedwa mu 2021 ku Western Australia, ndipo anali ndi miyendo 1,306. Nankalizi wamkulu msinkhu wamiyendo 100 yeniyeni kulibe, chifukwa mukawerenga mbali imodzi chiwerengero chimakhala chosagawika pawiri, kuyambira 15 mpaka 191. Anankalizi akuluakulu a mtundu wa Scolopendra, amene timawapeza pansi pa miyala ndi m'milu ya njerwa, ali ndi miyendo 21 mbali iliyonse.

Vuto lenileni n'lakuti dzina limodzi likusenza mitundu yambiri. Asayansi alemba mitundu ya abongololo pafupifupi 12,000 ndi ya anankalizi yoposa 3,000. Njira ya Chichewa ndi kuonjezera mfotokozi: bongololo wakuda wamiyendo yofiira, bongololo waphwatalala wa m'zinyalala, nankalizi woonda wa m'nthaka. Kenaka lembani dzina la sayansi monga lilili, osalisandutsa Chichewa. Samalani ndi bongololo waphwatalala uja: amafanana ndi nankalizi, ndipo chowasiyanitsa ndi kuwerenga miyendo pa mfundo imodzi.

Samalaninso ndi mawu oti "amakhala m'madzi". Tizilomboti timapuma kudzera m'timabowo ta pathupi ndipo timauma msanga, choncho timafuna chinyontho, osati madzi odikha. Lembani kuti "amakhala m'mphepete mwa dambo" kapena "m'nthaka yachinyontho". Madzi akasefukira m'malo monga Elephant Marsh kapena m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa, timathawira kumtunda, pazulu ndi m'mitengo. N'chimodzimodzi kuno mumzinda: mvula ikalimba pakati pa Disembala ndi Malichi, abongololo amadzaza m'makhonde. Mtundu wa nankalizi wodziwa kusambira ulipo, Scolopendra cataracta, koma kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndiye musauike m'dambo la kwathu.

Wophunzira yemweyo wafunsanso za mwambi woti "Bongololo sadzolera mafuta pagulu". Thupi la bongololo limanyezimira, koma palibe amene anamuonapo akudzola. Mwambiwu umanenedwa polangiza munthu kuti zinsinsi zake kapena za m'banja asaziulule pa anthu. M'nkhani ya sayansi muusiye, chifukwa wowerenga angaganize kuti kunyezimirako n'kwa mafuta, pamene kwenikweni ndi chikamba cholimba cha thupi lake.