Amalume, za Grimsby zija mwafunsa zija

Amalume mwaswera bwanji, ndaona funso lanu lija pa gulupu, loti kodi Grimsby ndi timu ya dziko liti ndipo n'chifukwa chani ana inu mwasokosa usiku onse mpaka foni kumangolira. Ndati ndingoyankhula basi chifukwa kulemba zala zitopa, komanso mutu sukuyenda bwino, mukudziwa kale kuti ine ndi wa Man U ndiye dzulo ndagona ngati munthu woferedwa.

Grimsby Town ndi timu ya ku England komweko amalume, osati ya dziko lina ayi. Kungoti simungaione pa TV Loweruka chifukwa ili pansi kwambiri. Kumeneko ligi ili m'masitepe, pamwamba pali Premier League ya matimu 20 yomwe timaonera ija, pansi pake Championship, kenako League One, kenako League Two, atatu amenewa ali ndi matimu 24 aliyense, mukaphatikiza onse akukwana 92. Ndiye Grimsby ili mu League Two, sitepe yachinayi, kumunsi kwenikweni, moti ukangoterereka pamenepo watuluka mu 92 muja wagwera ku sitepe yachisanu, National League, ndipo iwowa anagwerako kale kawiri, abwerera mu League Two mu 2022 momwemu. Grimsby ndi tauni ya asodzi m'mbali mwa nyanja, nde amawatchula kuti ma Mariners, masapota awo amabwera ku bwalo atanyamula nsomba zopopa mpweya zija ngati zibaluni. Eya, amenewo ndi amene atichotsa mu chikho dzulo Lachitatu pa 27 Ogasiti 2025.

Tsono mwafunsanso kuti zimatheka bwanji timu ngati imeneyo kukumana ndi Man U. Mu ligi sizingatheke, koma ichi ndi chikho, Carabao Cup, ena amangoti League Cup, chinayamba mu 1960. Matimu onse 92 amalowamo ndipo amachita mayere, amene wamutola ndi yemweyo, palibe zoti uyu ndi wamkulu timusungire malo. Matimu omwe akusewera mipikisano ya ku Europe amawapumitsa, amalowa mu ndime yachitatu, koma ife sizoni yatha tinamaliza pa nambala 15, fainolo ya Europa League tinaluzanso kwa Tottenham 1-0, ndiye Europe kulibe, tinayenera kuyambira ndime yachiwiri limodzi ndi wina aliyense. Mayere aja anatiponya ku Blundell Park, kabwalo kakale ka 1899 kozunguliridwa ndi nyumba za anthu, anthu olowamo safika ndi 10,000 omwe, pamene Old Trafford imadutsa 70,000.

Nde imvani mmene zinayendera, chifukwa achimwene aakulu alemba pa gulupu kuti inali ngozi chabe, mvula ndi mwayi wa mapenate, ine ndikukana ngakhale ikundipweteka. Mpira ndauonera kuyambira wezulo yoyamba. Anyamata aja sanabwere kudzatseka golo n'kumapemphera ayi, anatikwera kuyambira pachiyambi, ukangolandira mpira wina ali kale pamsana pako, osewera athu kumaoneka ngati adzutsidwa kutulo. Pa mphindi 22 Charles Vernam analandira mpira kumanzere uku, kuukhazika, kuumenya mwamphamvu pakona yapafupi, goloboyi wathu Onana anali pomwepo koma unangomudutsa. Ndinati chabwino, zimachitika, tibweza. Pasanathe mphindi khumi kona, mpira wabwera m'mwamba, Onana watuluka kuti aumenye ndi chibakera, wamenya mphepo, mpira wagwera pamapazi pa Tyrell Warren, iye kungoukankhira mu ukonde. 2-0. Ndipo chopweteka n'choti Warren ameneyu anakulira mu akademe ya Man U yomweyo, tinamutaya tokha kuti sakukwana.

Apa n'kuti mvula ikukhuthuka yeniyeni, ndipo kamera inapita pa benchi n'kumuonetsa kochi wathu Amorim atawerama, ali ndi kabolodi kake ka maginito kaja, akusunthasuntha timabatani ngati munthu akusewera yekha, madzi ali chuchuchu kunjaku. Chithunzi chimenecho ndi chomwe alamu anu aja a Arsenal akhala akutumiza kasanu konse pa gulupu, mukachiona musadabwe, ndi chimenecho.

Hafu yachiwiri analowetsa akuluakulu, Bruno Fernandes, Mbeumo, De Ligt, ndiye zinayamba kusintha pang'ono, komabe Grimsby inagoletsa chachitatu chomwe anachikana kuti ofusayidi, chikanakhala 3-0 amalume ine ndikanazimitsa TV. Mbeumo anabweza chimodzi pa mphindi 75, kenako kutatsala mphindi imodzi kuti 90 ikwane Maguire anamenya hedi pa kona, 2-2. Ndinakuwa, sindinama, koma nditakhala pansi manyazi anandigwira, kuti ine ndikukuwira kufanana mphamvu ndi timu ya League Two zoona? Wosewera kutsogolo wathu Sesko anapezanso mpata kumapeto kwenikweni ali pafupi ndi golo, anaukweza pamwamba pa bala.

Mu chikho chimenechi ndime zoyambirirazi kulibe nthawi yoonjezera, 90 ikatha ndi mapenate basi. Apa ndi pomwe foni yanu inayamba kulira kwambiri. Onana anagwira imodzi, ya Clarke Oduor, ndiye penate yachisanu inali yathu yoti tikangomwetsa tapambana, Cunha wapita, wamenya kofooka ngati akupatsira mwana, goloboyi wawo Christy Pym wagwira. Kuchoka pamenepo aliyense kumangomwetsa, wachisanu ndi chimodzi, wachisanu ndi chiwiri, mpaka osewera onse anatha, magoloboyi nawo anamenya, onse anamwetsa, n'kuyambiranso mzere kachiwiri. Mapenate 26 onse pamodzi. Womaliza anali Mbeumo, kumenya kwake kwachiwiri, mpira unakawomba bala n'kubwerera, 12-11, masapota onse anakhamukira m'bwalo. Ndipo nthawi yonseyi Amorim sanaonere, anangokhala mu benchi muja mutu uli pansi. Chomwe chandinyansa ine kwambiri ndi Sesko, munthu wogulidwa ndalama zoposa mapaundi 60 miliyoni kuti azigoletsa, anamenya wa nambala 10, kudikira otchinga kumbuyo onse amenye kaye iye akubisala kumbuyo. Atatu akutsogolo aja, Cunha, Mbeumo ndi Sesko, atidyera pafupifupi mapaundi 200 miliyoni miyezi yomweyi.

Ndiye kusokosa kuja n'kumeneko. Koma pamene ndikutsutsana ndi achimwene ndi apa. Iwo akuti chikho ichi n'chachabe, matimu aakulu sachiwerengera, ndiye palibe nkhani. Alamu nawo akungoseka Man U, Onana wakuti, Amorim achotsedwe. Onse awiri akuyankhula ngati m'bwalo muja munali timu imodzi. Palibe ndi mmodzi yemwe pa gulupu amene watchula dzina la kochi wa Grimsby, David Artell, pamene munthuyo anakonza mpira wake bwinobwino, anadziwa kuti Onana mipira ya m'mwamba imamuvuta, anadziwa kuti otchinga kumbuyo athu atatu aja ukawathamangira amasokonezeka. Amorim mwini wake atafunsidwa anavomera kuti yapambana ndi timu yomwe inasewera bwino. Ndiye ife ndife ndani kuti tizinamizira mvula, ngati kuti mvula imagwa mbali imodzi ya bwalo?

Komanso Grimsby si koyamba. Mu 2023 anafika mu makotafainolo a chikho china chotchedwa FA Cup ali mu League Two momwemo, anakachotsa Southampton pakwawo 2-1 nthawi imeneyo Southampton ili mu Premier League, kenako Brighton inawathibula 5-0, koma anali atafika kale. Ndipo Man U nayo si koyamba kuchita zoterezi mu League Cup, inuyo mukhoza kukumbukira bwino kuposa ine, 1995 York City inatimenya 3-0 pa Old Trafford nthawi ya kochi Ferguson, 2014 MK Dons inatimenya 4-0 kochi Van Gaal atangofika kumene. Kungoti amenewo anali a sitepe yachitatu, wa sitepe yachinayi kutichotsa mu chikho chimenechi ndi koyamba dzulo.

Mumadziwa amalume, anthu ambiri amadabwa kuti timu yaing'ono ingapambane bwanji, koma ukaganiza bwino si zamatsenga. Mu ligi mumasewera magemu 38, wamphamvu amaoneka ndithu pamapeto pake, palibe kubisala. Chikho ndi tsiku limodzi. Ndipo anyamata a League Two aja si anthu ongotoledwa pamsewu, mpira ndiyo ntchito yawo, amachita trening'i tsiku ndi tsiku, ambiri anadutsa m'ma akademe a matimu aakulu ngati Warren uja, kusiyana kwake ndi kwakuti wa Premier League amachita chinthu bwino kasanu ndi kanayi pa khumi, uyu mwina kasanu ndi kamodzi. Nde tsiku lina kasanu ndi kamodzi kaja kamakwanira, makamaka wamkulu akabwera monyozera, kochi wasintha osewera ambiri, bwalo ndi lopanikiza masapota ali pafupi moti akukupumira m'khosi, VAR, zoti refu aonenso pa vidiyo zija, kulibe. Uyu akusewera gemu yomwe adzafotokozere zidzukulu zake, winayo akuganiza za Loweruka kuti asavulale.

Ndipo pali ndalama. Kwa Man U kutuluka ndi manyazi chabe, koma kwa timu ngati Grimsby kukumana ndi timu yaikulu ndi chuma, ndalama za pageti m'zikho amagawana pafupifupi theka theka, kuphatikiza za TV. Exeter City mu 2005 inali pamavuto a ngongole, inapita ku Old Trafford mu FA Cup n'kukafanana mphamvu 0-0, kubwerezanso gemu pakwawo, ndalama za magemu awiri amenewo zinathandiza kwambiri kuti timu ituluke m'ngongolemo. N'chifukwa chake anthu anakwiya atachotsa zobwereza magemu mu FA Cup kuyambira sizoni ya 2024-25, ati matimu aakulu ali ndi magemu ambiri. Amene zinawapweteka poyera ndi Tamworth, Januware wa 2025. Iwowa ndi a sitepe yachisanu, osewera ake ambiri ali ndi ntchito zina masana, mpira amachita madzulo akaweruka. Anakumana ndi Tottenham pa kabwalo kawo ka kapinga wapulasitiki, gemu inachedwa kuyamba chifukwa ukonde wa golo unali utamasuka, mpaka wosewera wawo wina anakwera pamapewa pa mnzake n'kuumata ndi tepi, ine ndinaseka mpaka misozi. Koma mphindi 90 zinatha 0-0. Malamulo akale akanapita kukabwereza ku bwalo la Tottenham la anthu oposa 60,000 n'kugawana za pageti, m'malo mwake anawapatsa nthawi yoonjezera, miyendo inatha, anagonja 3-0. Ine ndikanakhala wa Tamworth ndikanalira kuposa mmene ndalirira dzulo.

Pepani ndasakaniza zikho ziwiri, FA Cup ndi ina, imeneyo ndi yakale kwambiri ya 1871, ndipo imalola ngakhale timatimu ta m'maboma tosadziwika, matimu oposa 700 amalowamo. Ya dzulo ndi ya matimu 92 okha aja. Koma mtima wake ndi umodzi. Achimwene akamati zikhozi n'zachabe aiwale kaye kuti iwo ndi a Liverpool, Febuluwale yemweyu Plymouth ili kumchira kwa Championship inawachotsa mu FA Cup 1-0 pa penate, tsiku limenelo pa gulupu sanaoneke mpaka mawa lake masana, ati foni inathera moto. Ndipo Bradford City mu 2013, a League Two ngati Grimsby yomweyi, anafika mpaka fainolo ya League Cup ku Wembley atachotsa Arsenal pa mapenate ndi Aston Villa, alamu amve bwino pamenepo, Arsenal, pa mapenate, ndi timu ya League Two. Ndiye pa gulupu pano woyera palibe, aliyense ali ndi Grimsby wake, kungoti wanga ndi wa dzulo.

Mayere a ndime yachitatu anachita usiku womwewo, Grimsby ikupita kwa Sheffield Wednesday, omwenso achotsa Leeds pa mapenate Lachiwiri. Gemu imeneyo ndiifunafuna ndithu, ndikufuna ndione ngati Pym ndi anzake aja amasewera choncho masiku onse kapena anangotisungira ifeyo. Ife tatsala ndi ligi ndi FA Cup basi, Ogasiti asanathe, ligi yomwe tayamba ndi kugonja kwa Arsenal ndi kufanana mphamvu ndi Fulham. Loweruka tili ndi Burnley pa Old Trafford, mukaona ndili zii pa gulupu musandifunse. Muwapatse moni azakhali, muwauze kuti foni ija angoika pa silent, alamu sanamalize kutumiza zithunzi za kabolodi kaja.