Bandi yopanda kampani: tilowe mumsewu kapena tidikire?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ulongué. Akuti ali ndi bandi ya anthu asanu, magitala awiri, kiyibodi, dramu ndi mtsikana woimba. Amaimba m'maukwati ndi m'mabaraka a ku Angónia konko ndipo anthu amawakonda, koma palibe kampani yomwe yawatenga, manejala alibe. Anzawo akufuna azikaimba ku Tete, ku Moatize mpaka ku Songo, iwo akuopa. Funso lawo ndi lakuti moyo wa mumsewu umakhala bwanji kwenikweni, nanga si bwino kudikira kaye kuti munthu wandalama awaone?

Achimwene, za kudikirazo zisiyeni. Ma studio akuluakulu ndi ma TV ali ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete, ndipo palibe amene adzanyamuke kumeneko kudzafunafuna bandi yomwe sinatulukepo mu distritu yake. Ndiye pitani. Koma mantha anuwo musawataye, ndi abwino, chifukwa ine zaka zomwe ndinkaimba besi mabandi omwe ndinawaona akupasuka ambiri ankadziwa kuimba bwinobwino, chinawapasula ndi ndalama, makamaka ndalama yobwerera kunyumba.

Tiyambe ndi nthawi yopitira. Kumtunda kwathu kuno, Angónia, Tsangano, Macanga mpaka Chifunde, ndalama imabwera ndi zokolola, izi mukuzidziwa kuposa ine. Fodya akayamba kugulidwa cha mu Epulo kupita mtsogolo, kachewere ndi soya zikutuluka, maukwati amachuluka ndipo baraka iliyonse imafuna phokoso. Januwale ndi Febuluwale musayerekeze n'komwe, anthu ali kumunda, nkhokwe zapepuka, misewu ya fumbi ija yasanduka matope. Kumunsi ndi kwina. Ku Tete ndi ku Moatize ndalama ndi ya malipiro, ya ku migodi ya malasha, ku fakitale ya fodya, aboma, madalaivala a mathiraki a pa msewu wa N7, ndiye kumeneko mumayang'ana kumapeto kwa mwezi basi. Mukapita pakati pa mwezi mukaimbira mipando. Masiku a tchuthi ngati 1 Meyi, 25 Juni, 25 Seputembala, 4 Okutobala, kapena 21 Malichi lomwe ndi tsiku la mzinda wa Tete, amakhala ndi anthu koma eni malo amakhala atalonjeza kale ena, ndiye mumayamba kuwaimbira foni mwezi wathunthu usanakwane.

Tsopano nkhani yaikulu, mgwirizano ndi mwini malo. Pano ndichedwapo. Njira zilipo ziwiri, kaya akupatseni ndalama yokhazikika kapena mugawane za pageti. Poti ku Tete dzina lanu silinadziwike, pageti mudzalira, anthu salipira kuti akaone bandi yomwe sanaimvepo pomwe baraka yapafupi kuli DJ ndi fulashi yake kwaulere. Yambani ndi yokhazikika ngakhale ichepe. Ndipo theka lake lilowe pa M-Pesa kapena e-Mola musanakwere shapa (minibasi), theka linalo mulandire musanayambe kuimba kapena pa buleki yoyamba, osati pomaliza. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Ndikunena izi chifukwa ndinaziona pa baraka ina ku Moatize. Anthu anadzaza, anavina mpaka fumbi kulowa m'sipika, ife tamaliza cha m'ma 3 koloko m'mawa tikukulunga zingwe, mwini malo n'kubwera ndi nkhope yachisoni, akuti mowa sunayende, anthu amangovina osagula, atipatsa kangachepe kenako zotsalazo atumiza Lolemba. Kumbuyo kwake makireti a mabotolo opanda kanthu ataunjikana mpaka kufika m'chiuno. Nthawi imeneyo mulibe mphamvu iliyonse, nyimbo mwaimba kale simungazibweze, muli kwa eni, ndipo woimba dramu akuwodzera pa sipika. Lolembalo silinafike.

Ndiye zonse zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pokha. Tsiku, ndalama, maola angati, ndani akupereka masipika, chakudya, pogona, mafuta a jenereta magetsi akazima. Chilolezo cha ku khonsolo ndi kudziwitsa apolisi ikhale ntchito ya mwini malo ndipo mumufunse mwachindunji ngati wachita, chifukwa shoo ikaimitsidwa pakati zida zomwe zili poonekera ndi zanu. Kumidzi kulinso mfumu, muzipita kukaonekera masana. Ndipo mudziwiretu kuti m'mudzi mukagwa maliro shoo yatha, palibe zokambirana, ndiye mugwirizane kale kuti zikatero ya transipoti sibwezedwa. Tsiku lomwe mudzayambe kugawana za pageti, pakhomo pakhale munthu wanu wosamwa, ali ndi chidindo chodinda pamkono, apo ayi mudzadabwa kuti holo yadzaza koma onse ndi "abale a bwana".

Musanavomere ndalama iliyonse chitani masamu. Tiyerekeze akulonjezani 15,000 meticais. Chotsanipo shapa ya anthu asanu kupita ndi kubwera, kuchokera ku Ulongué kudzera pa Mussacama ndi makilomita oposa 200, chotsanipo ya katundu poti kondakitala sangakweze dramu ndi amplifaya ulere, nthawi zina mumachita kugula mpando wa kiyibodi, chotsanipo txopela (kanjinga kamoto ka mawilo atatu konyamula anthu) ya mutauni, madzi akumwa, chakudya cha masiku awiri. Zotsalazo mugawe pasanu muone ngati zikuposa zomwe mukanapeza pa ukwati umodzi kwanu. Kawirikawiri shoo imodzi siikwana, n'chifukwa chake ulendo wa kumunsi umafuna mashoo awiri, Lachisanu ku Moatize Loweruka ku Tete, mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 20 okha. Songo ili patali ndithu, pafupifupi makilomita 150 kuchokera ku Tete komanso ndi yokwera phiri, imeneyo isiyeni kaye mpaka wina akuitaneni ndi ndalama.

Masipika akuluakulu musanyamule ngati malowo ali nawo, koma muwauze akutumizireni kavidiyo akulira, chifukwa mawu oti "tili ndi sawundi" nthawi zina amatanthauza sipika imodzi yong'ambika ndi maikolofoni ya tchalitchi. Zanu zoti zisasowe m'chikwama ndi zingwe zapadera, mawaya a gitala, ndodo za dramu, ekisitenshoni yaitali, tepi, ka soldala kolumikizira mawaya, ndi sitabilaiza. Jenereta ya pa baraka imakwera n'kutsika mafiriji akamayaka ndipo ndi imene imawotcha kiyibodi. Amplifaya muziyatsa pomaliza, muzizimitsa poyamba.

Kutentha musakuderere. Inu mwazolowera mphepo ya ku Angónia komwe mu Juni ng'oma yachikopa imalefuka mpaka kuiwamba pamoto. Ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, gitala mukaisiya pa denga la shapa masana onse mukaipeza khosi litapindika, amplifaya imadzizimitsa yokha pakati pa nyimbo ngati palibe fani yoipepesa. Woimba wanu azimwa madzi ambiri, osati ozizira kwambiri atangotsika pa siteji. Neti ya udzudzu aliyense yake, m'mbali mwa Zambezi malungo si nkhani yocheza. Ulendo woyamba ndikanakonda mupite mu Juni, Julayi kapena Ogasiti kukadali kozizirirapo. Ndipo mukamaliza shoo gonani komweko, za kubwerera usiku ndi dalaivala amene wachezera pa baraka, pa msewu wodzaza mathiraki opita ku Zóbuè, ayi chonde.

Za nyimbo zenizenizo sindikuphunzitsani, koma kumbukirani kuti mu mzinda wa Tete anthu ambiri amayankhula Chinyungwe, ku Moatize kuli anthu ochokera dziko lonse chifukwa cha migodi, ku Mutarara ndi Chisena. Chichewa chanu adzachimva ndithu koma moni wa Chinyungwe ndi mawu awiri atatu a Chipwitikizi pakati pa nyimbo amatsegula mitima. Muzikhala ndi kizomba pang'ono, marrabenta pang'ono, sungura ya gitala yothamanga poti Zimbabwe ili pafupi, kenako nyimbo zanuzanu muzizilowetsa pakati anthu atatenthedwa kale. Koma zanuzo musazisiye, ndikubwereza musazisiye. Bandi yongoimba za eni imalowedwa m'malo ndi fulashi tsiku lililonse, pomwe kamvekedwe ka kwanu, kaja ka ngoma ya Angoni ndi mayankhidwe a chintali, DJ alibe.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ubale, chifukwa mumsewu ndi momwe anthu okondana amadana. Njala, tulo tapansi pa mphasa m'chipinda chimodzi, wina wamwa adivansi, wina akuti gitala ndi yanga ndiye ndilandire zambiri. Khalani pansi kwanu musananyamuke mugwirizane magawidwe. Ine ndimakonda kuti ndalama igawidwe pasanu ndi kamodzi, gawo lachisanu ndi chimodzilo ndi la thumba la bandi, lokonzera zida ndi kulipira studio, ndipo ngati zida ndi za munthu mmodzi mugwirizane kangachepe kake poyera. Wosunga ndalama akhale wina, wolemba m'kope akhale wina. Ya transipoti yobwerera ikhale pa foni ya munthu amene samwa ndipo isakhudzidwe zivute zitani.

Mlongo wathu woimbayo mumusamale. Pogona pake pakhale pokhoma ndipo mukambirane ndi mwini malo musanafike, asamapite yekha kukatenga ndalama ku ofesi ya bwana usiku, ndipo woledzera akakwera pa siteji kufuna kumugwira nyimbo iime pompo. Atsikana aluso ambiri anasiya kuimba chifukwa anyamata a mu bandi yawo yomwe ankayang'ana kumbali.

Poti boda ya Calómuè yolowera ku Malawi muli nayo pafupi, ndikudziwa maganizo a Dedza ndi Ntcheu abwera. Msika wa Chichewa kumeneko ndi waukulu zedi, koma kuwoloka kukacheza ndi kuwoloka ndi zida kukaimba molipitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Funsani ku Migração (ofesi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko) ndi ku Alfândega (kasitomu) musanapite, lembani zida zonse ndi manambala ake kuti pobwera zisaoneke ngati mwagula kunja, ndipo ngati akulipirani makwacha muwerengere zosintha.

Kulikonse komwe mwaimba musiyeko kanthu. Nyimbo ziwiri zojambulidwa bwino muzipereke kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori kadi pamsika, kwa madalaivala a shapa, ku wailesi ya m'deralo, nambala ya bandi ilembedwe pa nsalu kumbuyo kwa dramu, ndipo wina ajambule kavidiyo anthu akuvina chifukwa mwini malo wotsatira adzafuna kuona chimenecho. Nyimbo zanuzo mukazilembetse ku SOMAS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba ku Mozambique, zisanayambe kuyenda kwambiri. Ntchito kapena munda womwe muli nawo musausiye chaka chino, mashoo ndi a Lachisanu ndi Loweruka.

Ndiye achimwene uzani anzanuwo kuti mwavomera, koma ulendo umodzi kaye, kumapeto kwa Julayi, Moatize ndi Tete, theka la ndalama lili kale pa foni. Mukabwerako munditumizire zomwe zalembedwa m'kope muja, zolowa ndi zotuluka zonse mpaka ya madzi akumwa, tidzaone limodzi ngati wachiwiri ukhale wa ku Songo kapena wa ku Furancungo.